Tsiku Limene Ndinatsekera Mzime Chitseko

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Bondo lija linasiya kutupa, kapena mukungolikakamiza monga mwa chizolowezi chanu? Nanga Bambo akudya bwino? Tsiku lija pa foni mawu awo anamveka otopa, ndipo mtima wanga sunakhazikike kuchokera pamenepo.

Ife kuno tilipo, tonse awiri. Ndanena dala kuti tonse awiri, kuti mtima wanu ukhale pansi musanawerenge zotsatirazi, chifukwa nkhani yake ndi yoopsa. Mzime ali moyo, akuyenda, akupita kuntchito. Gwirani zimenezo kaye.

Ndasankha kalata osati foni chifukwa pa foni ndimathamanga, ndipo inu mumandidula ndi mafunso ndisanafike ndi pakati pomwe. Komanso muli zina muno zimene ndikufuna muziwerenge kawiri katatu, kenako muzisunge m'kabati. Mundipirire ndikatalikitsa. Uphunzitsi unandilowa m'magazi, mukundidziwa.

Zing'onozing'ono za kuno ndi izi: denga la kukhitchini likudontha, ndipo eni nyumba angolonjeza katatu osabwera. Kusukulu mayeso ayandikira, ndiye mwezi wamawa wonse ndikhala ndikuyang'anira ana polemba, kenako kuchonga mapepala. Tchuthi andikaniza kale. Mfundo imeneyi muikumbukire, ikhudzana ndi pempho langa.

Mukudziwa kuti mng'ono wathuyu ali ndi matenda awiri. Oyamba ndi a maganizo aja, omva mawu a anthu omwe palibe, amene anachititsa kuti ndimutenge adzakhale ndi ine zaka zinayi zapitazo. Achiwiri ndi a shuga, amene anapezeka patatha zaka ziwiri. Adokotala anatiuza kuti mankhwala ena a maganizo amanenepetsa munthu ndi kukweza shuga m'thupi. Tsopano amadzibaya yekha jakisoni wa insulini, ndipo akabaya amayenera kudya.

Chimene sindinakufotokozereni bwino ndi chithandizo china chimene amalandira, chopanda mapiritsi. Ndimangokuuzani kuti wapita kuchipatala, inu n'kumaganiza kuti wapita kukatenga mankhwala. Zoona zake n'zakuti mankhwala anachepetsa mawu aja, koma chaka choyamba chonse munthuyo ankangogona chafufumimba, osasamba, osalankhula. Chinamudzutsa ndi china.

Lachiwiri lililonse amakakhala ola limodzi ndi mlangizi, mayi wina wamfupi wovala magalasi ochindikala. Amangokambirana basi. Poyamba ine ndinkaona ngati kutaya nthawi. Koma mayiwo anamuphunzitsa kuti mawu aja akamuuza kuti anthu a m'basi akumunena, asatsike basi ndipo asayambane ndi munthu, koma afufuze kaye. Ayang'ane nkhope imodzi imodzi, awerenge kuti ndi angati akumuyang'anadi. Akuti nthawi zambiri amapeza kuti onse aweramira mafoni awo. Mawuwo sanatheretu, koma akuti masiku ano amamveka ngati wailesi ya nyumba ina, osati ngati munthu womukhalira paphewa.

Achipatala omwewo anamupezera ntchito pamalo okonzera mipando ya sofa. Amasasula nsalu yakale, amadula siponji, amakhomerera nsalu yatsopano. Mwini malowo ndi bambo wonenepa wanthabwala, amene antchito ake amangomutcha Asiponji, iye osadandaula. Mlangizi anandiuza kuti ntchitoyo nayonso ndi chithandizo: munthu akhale ndi chodzukira m'mawa, ndi anzake omuseka akalakwitsa.

Ifenso abale tili ndi gulu lathu. Timakumana Lachinayi loyamba la mwezi, m'chipinda cha mipando ya pulasitiki khumi ndi iwiri. Amatiphunzitsa za matendawa ndi mmene tingakhalire ndi odwala athu. Ine ndinagula kope lachikuto cholimba, ndinajambula mizere ndi rula, mitu yake ndinailemba ndi cholembera chofiira. Anzanga a m'gulumo ankanditcha Alembi, ndipo wina akajomba ankabwereka kope langa. Ndinkanyada nalo, Achemwali. Ndinene poyera.

Phunziro limene ndinalisunga kwambiri linali la zizindikiro zoti matenda a maganizo akubwerera. Munthu amayamba kulankhula zosalumikizana, amapsa mtima popanda chifukwa, amasokonezeka. Zikatero, anatiuza, usatsutsane naye, musamuunjirire, chepetsa phokoso, lankhula motsitsa, umupatse malo apume, ndipo ulembe zimene waona kuti ukauze achipatala. Ndinaloweza zonsezi ngati mwana wokonzekera mayeso.

Tsopano za zimene zinachitika Loweruka lina, masabata atatu apitawo.

Mzime anapita kuntchito m'mawa. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake. Nthawi ya chakudya chamasana itakwana anabaya jakisoni wake, n'kutsegula kontena ya chakudya. Asanaike kanthu m'kamwa, Asiponji anafuula kuti galimoto yafika, mpando wa munthu wina ukasiyidwe pompano. Mzime anatseka kontena ija. Kumene anapitako kunali kunyumba yosanja, ndipo ananyamula mpando wa anthu atatu pa masitepe mpaka pamwamba penipeni. Atatsika anaiwala za chakudya, anangokwera basi kubwera kunyumba.

Ine ndinali pabalaza ndikukonza mafunso a mayeso. Cha m'ma 2 koloko ndinamva kiyi akukwecheza panja, koma osati pa chitseko chathu. Nditasuzumira ndinapeza Mzime akulimbana ndi loko wa khomo la aneba athu. Malaya ake anali atanyowa ngati wavumbwa ndi mvula. Manja akunjenjemera. Ndinamuuza mofatsa kuti khomo lathu ndi ili. Anatembenuka n'kunditukwana, mawu amene sindingawalembe m'kalata yopita kwa inu. Kenako anayamba kunena za mipando, za basi, za malemu Amayi, zonse pamodzi, lilime likulemera ngati la munthu woledzera.

Mtima unangoti phwii. Ndinati basi, abwereranso matenda aja. Koma nthawi yomweyo ndinadziuza kuti ndine munthu wophunzitsidwa, ndikudziwa chochita. Sindinatsutsane naye. Ndinamugwira pachigongono, ndinazimitsa wailesi, ndinatseka makatani, ndinamugoneka pabedi pake. Ndinamuuza motsitsa kuti apume, ine ndili pabalaza. Ndinatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisachite phokoso.

Kenako ndinatenga kope langa. Ndikukoperani zimene ndinalemba, chifukwa ndaziwerenga kambirimbiri mpaka ndaziloweza. Pa 2:10 ndinalemba kuti akutuluka thukuta, akutukwana, sakudziwa khomo. Pa 2:25 ndinalemba kuti wasiya kulankhula. Pa 2:40 ndinalemba kuti akadali chete, zikuoneka kuti wakhazikika.

Achemwali, sanakhazikike. Ankafa. Ine ndili pampando, mapazi anayi kuchokera pa chitseko, ndikudziyamikira kuti sindinachite phuma.

Amene anatipulumutsa ndi aneba aja, mayi wamasiye amene amachapa ndi kusita zovala za anthu. Anali atamuonera pawindo Mzime akulimbana ndi loko wawo, ndipo akuti ankasita koma malaya onyowa aja osawachoka m'maso. Anazimitsa simbi n'kudzagogoda. Ndinawauza mwaulemu, ndi mawu otsitsa, kuti mng'ono wanga sakupeza bwino m'maganizo, akufunika bata. Iwo sanatsitse mawu ngakhale pang'ono. Anandifunsa ngati thukutalo linali lotentha kapena lozizira. Ndinati sindinamukhudze pamphumi. Anafunsa ngati wadya. Ndinati sindikudziwa. Anandikankhira pambali ngati katani, n'kulowa.

Tinamupeza maso atatembenuzika, malovu akutsika, thupi lili zii ngati botolo lochokera mufiriji. Ndinamuitana, anangobuula. Mayiwo anamugoneka cham'mbali, anandituma shuga, ananyowetsa chala n'kumamupaka shugayo m'kati mwa tsaya. Ine ndinabwera ndi kapu ya madzi a shuga kuti ndimumwetse. Anandimenya padzanja, ati ndikufuna kumumaliza ndi kumutsamwitsa? Ati munthu wosatha kumeza sathiridwa kanthu kukhosi, imbani ambulansi, Aphunzitsi, siyani kunjenjemera. Ndili pa foni anandifunsa kumene kuli kamakina koyezera shuga. Kanali m'chikwama chake, pamodzi ndi kontena ya chakudya yosayamba n'komwe. Kanaonetsa 1.8. Shuga wa munthu sayenera kutsika pansi pa 4.

Pamene tinkadikira ambulansi, mayiwo anandiuza kuti malemu amuna awo anadwala shuga zaka khumi ndi zisanu, ndipo shuga akatsika ankawatukwana mpaka makolo awo. Ati poyamba ankalira, pambuyo pake anazolowera kuti mwamuna akayamba mwano uthamangire kukabati. Kenako anayang'ana kope langa lili chitsegukire patebulo, anandiyang'ana ine, ati sukulu yonseyi munthu osadziwa kugwira m'bale wako pamphumi.

Kuchipatala anamuika diripi, ndipo patapita kanthawi anatsegula maso n'kufunsa ngati mpando uja unafika bwino. Namwino anandikokera pambali n'kundiuza kuti ubongo umadya shuga monga nyale imadyera mafuta, ndipo akanakhala motero kwa nthawi ina, mwina akanadzuka wopuwala, mwina osadzuka n'komwe. Anagona kumeneko masiku awiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupempha mumvetsetse. Shuga akatsika kwambiri, munthu amaoneka ndendende ngati wodwala maganizo. Amasokonezeka, amalusa, amalankhula zosamveka. Kwa munthu wina aliyense anthu akhoza kudabwa n'kufunsa kuti kodi watani. Koma kwa Mzime palibe amadabwa. Aliyense womudziwa amangoti ayambanso, ndipo safunsanso china. Ine amene ndimakhala naye nyumba imodzi, amene ndinamugulira kamakinako ndi manja anga, sindinafunse.

Ndikanakonda kunena kuti kulakwa kwanga kunathera pomwepo, koma ayi. Atatuluka m'chipatala mantha anandigwira moti ndinasanduka mlonda. Ndinkamuyeza shuga kasanu ndi kawiri pa tsiku. Akalowa kubafa ndinkaima pakhomo n'kumamuitana. Ndinkaimbira Asiponji pakati pa maphunziro kufunsa ngati wadya, mpaka bamboyo anandiuza kuti ndingosiya sukuluyo ndidzakhale pakona ndi supuni, malo alipo. Chakudya ndinkamuikira ndekha m'mbale, ndikuyang'ana pakamwa pake mpaka amalize.

Patatha masiku asanu ndi atatu anakana kudya. Anakankha mbale n'kundifunsa chifukwa chimene ndimayang'anitsitsa akamatafuna. Ndinayamba kumufotokozera za insulini, monga ndimachitira. Anandidula. Ananena motsitsa, maso ali pansi, kuti mawu aja ayambanso kukwera, ndipo akumuuza kuti ndikumuthira kanthu m'chakudya. Ati iye akudziwa kuti ndi bodza, wafufuza monga anamuphunzitsira, koma watopa kufufuza katatu pa tsiku.

Ndinaona kuti pothawa matenda amodzi ndikumukankhira m'ena. Ndikamusiya, shuga amutenga. Ndikamulondera, mawu aja amutenga.

Lachiwiri lake ndinapita naye kwa mlangizi, kope lili m'manja. Ndinapita wokwiya, ndisabise. Ndinawatsegulira tsamba lija n'kuwauza kuti ndinachita zonse zimene anatiphunzitsa, mzere ndi mzere, ndipo munthu anatsala pang'ono kufa. Ndinkayembekezera kuti adziteteza. Anawerenga mpaka pa 2:40 paja, anavula magalasi. Kenako anati phunzirolo linali loona koma linali loperewera, ndipo kuperewerako ndi kwawo. Ati iwo amaona mutu wa Mzime Lachiwiri, anamwino a shuga amaona magazi ake Lachisanu, m'nyumba ina ya chipatala chomwecho, ndipo zaka ziwiri zonsezi sanakhalepo pansi limodzi. Ati munthu mmodzi anamugawa pawiri, kenako ananditumizira ine kunyumba kuti ndikamulumikize ndekha.

Anaimba foni pomwepo, ndipo Lachisanu tinakumana anthu anayi: mlangizi, namwino wa shuga, Mzime ndi ine. Ndinatsegula kope kuti ndilembe. Mlangizi anandipempha ndilitseke, ati lero wolemba ndi mwini thupi. Anapereka pepala ndi pensulo kwa Mzime. Ine anandipatsa ntchito yovuta kuposa zonse, yokhala chete mpaka nditafunsidwa. Mzime anaseka koyamba m'masabata awiri, ati Aphunzitsi ndi amene atuluke muno atadwala.

Anamufunsa mmene amamvera shuga akamatsika. Ananena kuti milomo imachita dzanzi, kenako njala yoopsa, kenako zinthu zimaoneka kutali. Anamufunsa mmene matenda a maganizo amayambira. Anati amenewo sabwera mwadzidzidzi, amayamba ndi kusagona masiku atatu kapena anayi, kenako kusafuna kuonana ndi anthu. Zaka zinayi ndikukhala naye, zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinali ndisanamufunse. Ndinkangomufotokozera.

Mlangizi anandiuzanso za ulonda wanga uja. Anati m'nyumba momwe wodwala amayang'aniridwa ndi maso a mantha tsiku lonse, kapena kudzudzulidwa kosalekeza, matenda a maganizo amabwerera msanga, ngakhale mankhwala akumwedwa. Tinagwirizana kuti Mzime aziyeza yekha nthawi zimene namwino ananena, asabaye jakisoni chakudya chisanafike pamaso pake ndipo akabaya adye ngakhale kunja kugwe chiyani, aziyenda ndi maswiti m'thumba, ndipo ine ndizifunsa kamodzi kokha pa tsiku. Asiponji anauzidwanso, ndipo akuti analumbira kuti galimoto izidikira, mpando sudwala shuga.

Pa mapeto mlangizi anamufunsa ngati akukumbukira chilichonse cha Loweruka lija. Anati zambiri sakukumbuka, koma anamva chitseko chikutsekedwa. Ati ankafuna kundiitana koma pakamwa sipankatseguka. Ndipo anati phokoso lake linali lofanana ndi la chitseko cha chipinda chosungiramo katundu kwathu kuja.

Mukudziwa chimene ankanena. Masiku awiri aja, matenda ake atangoyamba, pamene amalume ndi amuna ena awiri anamugwira n'kumuika m'chipindamo podikira galimoto. Kiyi anali ndi inu. Sindikukumbutsani kuti ndikuimbeni mlandu, Achemwali, chonde musamve choncho. Amene ankalamula pa foni kuti mumutsekere ndi ine. Panthawiyo palibe ankadziwa china chochita. Koma nthawi imeneyo analibe shuga. Lero mutamutsekera m'chipinda chimenecho ola limodzi lokha atasokonezeka, mukhoza kutsegula n'kupeza maliro.

Tsopano ndifike pa pempho langa.

Bambo akhala akufunsa za Mzime, ndipo iye akufuna kubwera mwezi wamawa kuti adzakhale nawo masabata awiri. Ine sindingamuperekeze chifukwa cha mayeso aja. Nditangomva ndinakana, ndinati adikire tchuthi changa. Anandifunsa ngati Bambo nawo andilonjeza kuti adikira. Mlangizi nayenso akuti ulendowu ndi wabwino kwa iye, kuti munthu sangachire n'kumakhala ngati katundu wosungitsa kwa mkulu wake. Namwino wavomera, amupatsa mankhwala okwanira ndi kalata yokasonyeza kuchipatala cha kumeneko. Onse avomera. Wotsala ndi mantha ndine ndekha.

Ndikuopa zinthu zooneka ngati zazing'ono. Ndikuopa kuti chakudya chidzachedwa chifukwa kwabwera alendo odzamuona, iye atabaya kale. Ndikuopa kuti adzafuna kuonetsa kuti ali ndi mphamvu, n'kuyamba kuthandiza alamu ntchito yolemetsa dzuwa lili pamutu. Kenako adzatuluka thukuta, adzatukwana munthu wamkulu, ndipo anthu adzayang'anana n'kunena kuti ayambanso. Amalume adzaitana amuna. Azakhali adzayambitsa pemphero lalitali. Onsewo adzachita mwachikondi, monga ine ndinatsekera makatani mwachikondi. Chithunzi chimenechi chimandibwerera ngakhale ndili pabolodi, choko chili m'manja, mpaka ana amandifunsa ngati ndaiwala yankho.

Achipatala amupatsa khadi loti aziyenda nalo m'thumba la malaya. Palembedwa matenda ake onse awiri, mankhwala ake, ndi chochita akapezeka atasokonezeka. Pansi pali mzere wa dzina ndi nambala ya munthu mmodzi wa kumene akupitako, amene wavomera kukhala woyamba kuitanidwa, ndipo mawu ake ndi amene adzatsatidwe ena onse akamalankhula. Mlangizi akuti akhale mmodzi, chifukwa pa anthu khumi aliyense amaganiza kuti mnzake akudziwa.

Ntchito ya munthu ameneyo si yaikulu, koma imafuna mtima wolimba. Mzime akasintha mwadzidzidzi, kaya walusa, kaya akulankhula zosamveka, kaya wangoti duu, choyamba ndi shuga, osati china chilichonse. Mumukhudze pamphumi, mumuyeze ndi kamakina kaja, adzakuonetsani yekha kagwiritsidwe kake tsiku lofika. Kakaonetsa pansi pa 4, kapena kakasowa, kapena akakana kuyezedwa, mumupatse timasupuni tatiyi tinayi ta shuga m'theka la kapu ya madzi, malinga ngati akutha kumeza. Namwino akuti ngakhale mutalakwitsa, shuga wochepa chotero sangamuvulaze, koma kudikira kungamuphe. Pakatha mphindi khumi ndi zisanu muyezenso, ngati sanakwere mubwereze, akakwera adye chakudya chenicheni. Ngati sakutha kumeza musamuthire kanthu m'kamwa, mumugoneke cham'mbali, ndipo galimoto ipezeke nthawi yomweyo.

Shuga akapezeka ali bwino koma iye akadali wosokonezeka, pamenepo ndiye muchotse anthu, mutsitse mawu, musakangane naye, muimbe nambala ya chipatala ili pakhadipo, mundiimbirenso ine. Koma mukhale naye m'chipindamo, kapena pakhomo, chitseko chili chotsegula. Zimenezi wanena yekha, ndipo walemba yekha ndi zilembo zikuluzikulu.

Pa mzere uja ine ndinatchula abusa, ndinatchula msuweni wathu amene amagwira ntchito ku famase, kogulitsa mankhwala kuja. Mzime anapukusa mutu. Anati akufuna inu. Ndinadabwa, ndipo ndinamufunsa mosabisa ngati waiwala amene anasunga kiyi. Anati sanaiwale. Ati koma akukumbukanso amene anayala mphasa panja pa chitsekocho masiku onse awiri, n'kumamulankhula pa kampata ka pansi, kumuuza za nkhuku ndi za ana, anthu ena onse atathawa. Ndinali ndisakudziwa zimenezi, Achemwali. Simunandiuzepo. Anawonjezera kuti pabanja lonse ndi inu nokha amene amalume amakuopani, komanso kuti inu mukafuna kupatsa munthu shuga mumangomupatsa, simuyamba ndi kufotokoza mbiri ya insulini.

Ndiye pempho langa ndi limeneli: muvomere kukhala munthu wa pa mzere umenewo. Ndikudziwa kuti muli kale ndi Bambo pamsana, ndi bondo lanu, ndi ana. Ndikudziwanso kuti ndikukusenzetsani mantha amene ine ndemwe akundilemera. Ngati simungathe, nenani osachita manyazi, ulendo tiuimitsa ndipo palibe adzakunenani. Musavomere pondimvera chisoni. Muvomere pokhapokha ngati mukuona kuti tsiku limenelo mungathe kuima pakati pa amalume ndi chitseko, kapu ili m'manja.

Yankho lanu musandipatse ine. Mumuimbire mwini wake Lamlungu masana, amakhala pakhomo. Ine ndidzatuluka dala kuti mulankhulane momasuka, ngakhale ndikudziwa kuti ndidzangozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Dzina lanu walilemba kale pakhadipo, koma ndi pensulo. Akuti adzadutsitsa inki akamva mawu anu.

Mundiperekere moni kwa Bambo, muwauze kuti mwana wawo akuwafuna, koma tsiku musawalonjeze kaye. Moni kwa alamu, ndi kwa ana onse kuyambira wamkulu mpaka wakhanda amene sindinamuonebe. Moni kwa azakhali ndi kwa msuweni wathu. Amalume muwapatse moni wanga ndi ulemu wonse, ndipo mukavomera, kalatayi muwawerengere nokha, pang'onopang'ono, Mzime asanakwere basi.

Ndine mlongo wanu wokukondani, amene akudikira Lamlungu mtima uli m'mwamba,

Mphunzitsi wanu uja